Mayi wolera mwana wovulala ubongo tisamangomuyamikira

Ambiri a ife tikakumana ndi mayi amene akulera mwana wovulala kwambiri ubongo, timafulumira kumuuza kuti ndi wolimba mtima, kenako n'kuchoka mtima uli m'malo ngati tathandizapo. Maganizo anga ndi akuti mawu amenewa, ngakhale ndi oona, tawasandutsa pobisalira pathu.

Taonani ntchito imene imakhalapo pongomudyetsa mwanayo. Mwana amene ubongo wake unawonongeka, kaya chifukwa chobanika pobadwa, malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, chikasu cha ukhanda kapena ngozi, kawirikawiri amavutika kumeza. Mayi amamukhazika tsonga, amachirikiza mutu ndi mkono wake kuti usagwere kumbuyo, ndipo amamupatsa chakudya chofewa pang'onopang'ono, akudikira kuti ameze asanawonjezere china, poti akudziwa kuti chakudya chikalowera m'mapapo chimayambitsa chibayo. Usiku amadzuka kuti amutembenuze poopa zilonda za pogona, kukacha amamuwongola manja ndi miyendo monga anamuphunzitsira a mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo, kuti mfundo zisaume, ndipo khunyu likamugwira amamugoneka chammbali osamuika kanthu m'kamwa, maso ali pa wotchi, chifukwa likapitirira mphindi 5 ndiye kuti m'pofunika kuthamangira kuchipatala.

Umenewu ndi ukatswiri, ndipo achipatala anzeru amamvetsera mayi wotere akamalankhula, pakuti iye amasiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwa ululu mwa mwana amene sanatchulepo liwu limodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mayiyu sakonda mwana wake moyembekezera malipiro. Mbali ya ubongo imene inafa sibwerera, ngakhale kuti ubongo wa mwana umatha kuphunzira njira zina ukamaphunzitsidwa mosalekeza, choncho chipatso cha miyezi yambiri chikhoza kungokhala chakuti mwana wadzutsa mutu yekha kapena watembenukira kumene kukuchokera mawu a mayi ake. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva anthu akumulonjeza machiritso pofuna ndalama zake, kapena akunong'onezana kuti pali chimene iye analakwa.

Koma mwana amakula ndipo amalemera, msana wa mayi umatha ndi kunyamula, ntchito imalekeka, ndipo m'mabanja ena bambo amangochoka. Pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali limanena kuti maboma azithandiza ana otere pamodzi ndi mabanja awo, ndipo tiyenera kuwakumbutsa mosatopa. Ife achibale ndi anansi tili ndi gawo lathu lomwe silidikira boma. Amayi ambiri otere amasowa tulo ndi funso lakuti, “Ine ndikadzadwala kapena kumwalira, adzamudyetsa ndani?” Ndikupempha kuti pabanja lililonse lotere papezeke munthu wachiwiri ndi wachitatu amene akhale pansi, aphunzire kwa mayiyo kagwiridwe ka mutu, kadyetsedwe ndi nthawi ya mankhwala a khunyu, mpaka mayiyo afike powasiyira mwana tsiku lathunthu popanda nkhawa.