Lekani kuweruza milandu ya mpingo pa WhatsApp

Akulu ampingo, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, atsogoleri a milaga ndi miphakati, ndi inu achinyamata amene foni sichoka m'manja, tamverani. Pali khalidwe limene lazika mizu pakati pathu, ndipo tikalilekerera tidzaika munthu m'manda. Mphekesera ikangomveka kuti mnyamata wakuti amagonana ndi amuna anzake, kapena mtsikana wakuti ali pachibwenzi ndi mkazi mnzake, dzuwa lisanalowe chithunzi chake chili kale pa gulu la kwaya, chafika kwa abwana ake, chafika kwa eni nyumba imene amachita lendi. Palibe amene wapita kukamuona kapena kumufunsa. Mlandu watha kale, ndipo wotumiza chithunziyo akugona tulo tabwino poganiza kuti wamenyera Mulungu nkhondo.

Sitikulemba kuti tisinthe chiphunzitso cha mpingo wa wina aliyense. Mipingo yambiri m'Malawi muno imaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo inanena poyera. Mu Julaye 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda m'misewu ya Blantyre ndi mizinda ina pa nkhani yomweyi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho maepiskopi a Katolika analetsa ansembe awo kudalitsa maubwenzi otere. Izi mukuzidziwa nonse. Zimene mumadumpha ndi zimene zinalembedwa pansi pake. Katekisimu wa Katolika, pa ndime 2358, amalamula kuti anthu amenewa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndiponso kuti asasalidwe mopanda chilungamo. Maepiskopi a Anglican, pamsonkhano wa Lambeth wa 1998, anakana mchitidwewu, koma m'chigamulo chomwecho anauza Akhristu awo kuti atumikire anthu onse mosamala ndi kudzudzula mantha opanda pake amene anthu amakhala nawo pa iwo. Amene amagwira theka loyamba la chiphunzitso cha mpingo wake n'kutaya theka lachiwiri asadzitche womvera.

Musanatsegule pakamwa, dzifunseni: ndaona kapena ndamva? Kayendedwe ka munthu si umboni. Mawu oonda, kukonda kuphika, mtsikana kuvala thalauzi kapena kusewera mpira, kufika zaka 35 osakwatira, zonsezi si umboni. Anyamata awiri ogona chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Area 25 nthawi zambiri akungothandizana lendi. Chithunzi cha macheza a pafoni mwana wa sekondale aliyense atha kuchipanga ndi dzina la munthu amene akumuda. Deuteronomo 19:15 salola mlandu kuima pa mboni imodzi, ndipo mavesi otsatirawo amati mboni yonama ilandire chilango chimene inafunira mnzake. Nikodemo, pa Yohane 7:51, anafunsa Afarisi anzake ngati chilamulo chimaweruza munthu chisanamumve. Tili ndi zipsera zathu pa nkhani ya mphekesera. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Amene anayambitsa mphekeserazo sanagwire chikwanje, koma magaziwo ali pa iwonso.

Tinene kuti nkhani ndi yoona, ndipo munthuyo ndi Mkhristu wa mpingo wanu. Ambuye anasiya njira pa Mateyu 18:15-17, ndipo ili ndi masitepe amene salumphidwa.

Poyamba apite munthu mmodzi yekha. Akhale wokhwima, womudziwa mwini nkhani, wa mtima wofatsa monga Agalatiya 6:1 afunira. Apite ndi miyendo, asatumize uthenga wa pafoni, chifukwa uthenga umawerengedwa ndi mkazi, mlongo kapena mnzake wobwereka foni. Asayambe nkhaniyo pamaso pa makolo kapena ana, asajambule mawu mobisa, ndipo asakauze mkazi wake pobwera. Akafika ayambe wamva. Ena mwa anthuwa akhala akulimbana ndi nkhaniyi okha kuyambira ali ana, akusala kudya ndi kulira usiku, ndipo simudzawauza vesi limene sanaliwerenge kale kambirimbiri. Sitepe iyi si ya tsiku limodzi. Itha kutenga miyezi, ndipo pano ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa kuyendera munthu sabata ndi sabata kumatopetsa pamene kukanena kubwalo n'kosavuta.

Zikakanika, atenge wina mmodzi kapena awiri. Lemba likuti mmodzi kapena awiri, osati komiti yonse ya achinyamata. Asankhidwe osunga pakamwa, ndipo pasakhale amene ali ndi mkangano wa munda, ngongole kapena udindo ndi munthuyo, poti milandu yambiri ya mpingo imabisa nsanje m'kati mwake. Ntchito ya mbonizi ndi kumva mbali zonse, osati kukathandiza kukalipa.

Pamapeto pake ndiye bwalo la mpingo. Woimbidwa mlandu auzidwe chimene akumuitanira ndi amene wanena, apatsidwe mpata woyankha, ndipo auzidwe kumene angakadandaule ngati sakhutira, kaya ku presbitale kapena kwa akuluakulu ena monga mwa dongosolo la mpingo wanu. Mlembi alembe chigamulo m'buku, buku likiyidwe. Zimene zakambidwa m'bwalo zikamveka pachitsime m'mawa mwake, mkulu amene waulula nayenso ali ndi mlandu, ndipo aitanidwe. Wansembe saulula za mu kulapa ngakhale atamuopseza. Mkulu wa mpingo wina aliyense aphunzirepo.

Tsono mvetsani malire a chilango. Bwalo litha kuimitsa munthu pa Mgonero, kumuchotsa pa udindo, kapena kumudula. Mphamvu zake zathera pomwepo. Lilibe mphamvu yomenya, yolanda katundu, yomuchotsetsa ntchito, yomuletsa kutunga madzi pa mjigo, kapena yokauza amfumu kuti amusamutse. Silingamutsekere khomo la tchalitchi kuti asamve Mawu. Mukatero mukufuna alapire kuti? Paulo, pa 2 Atesalonika 3:15, akuti wosamverayo musamuyese mdani koma mumuchenjeze monga mbale. Ndipo inu amene mumakonda mawu a pa Mateyu 18:17 akuti wosamvera mpingo akhale ngati wamsonkho, kumbukirani kuti Yesu ankadya m'nyumba za amisonkho, ndipo wina wa iwo anamuitana kukhala mtumwi. Ku Korinto munthu anatenga mkazi wa bambo ake ndipo Paulo analamula kuti achotsedwe, koma m'kalata yachiwiri, pa mutu 2, akuchonderera mpingo kuti ukhululukire ndi kutonthoza amene unamulanga, kuti chisoni chingamumize. Podula munthu, bwalo lisankhiretu mkulu amene azimuyendera. Mpingo umene umadula koma osasankha womuyendera wangotaya munthu.

Nanga amene sali wa mpingo wanu, woyandikana naye nyumba kapena wogulitsa naye mumsika? 1 Akorinto 5:12-13 ayankha mwachidule kuti akunja si anu kuwaweruza. Mumupatse moni, mumugule tomato, mukamuone akadwala.

Tsopano tikhudze pamene pamapweteka. Mndandanda wa Paulo pa 1 Akorinto 5:11 uli ndi wachiwerewere, komanso uli ndi wosirira, wolalata, woledzera ndi wolanda za eni. Aroma 1, mutu umene mumauloweza pa mavesi 26 ndi 27, ukapitirira umatchula amiseche, osinjirira ndi opanda chifundo, ndipo mutu 2 ukuyamba ndi kuchenjeza woweruza mnzake. M'mipingo mwathu muli bambo amene ali ndi mkazi wachibisira ndi ana atatu kutauni, aliyense akudziwa, koma amawerenga Mawu Lamulungu chifukwa anagula malata a tchalitchi. Muli wakatapila amene amalanda mbuzi za amayi amasiye. Muli amene anasesa katundu wa mchimwene wake maliro asanathe, ana n'kusiya sukulu. Muli womenya mkazi mpaka kumuthyola dzanja. Onsewa sanalape, ndipo palibe amene anatumiza zithunzi zawo. Achinyamata amaona kuti chilango chimagwera wopanda ndalama ndi wopanda womuyankhulira, ndipo akaona zimenezi amaleka kukhulupirira bwalo pa nkhani ina iliyonse.

Choipitsitsa n'chakuti mipingo yomwe imathamangira kuyalutsa anthu awiri aakulu msinkhu imabisa munthu amene wagwirira mwana. Pamenepo ndiye mumati tikambirane pachibale, mbiri ya mpingo ingaipe. Ayi. Mwana akachitidwa nkhanza, kaya wochitayo ndi mwamuna kapena mkazi, kaya mwanayo ndi mnyamata kapena mtsikana, nkhaniyo si ya masitepe atatu aja. Mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe. Nkhani ipite ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Makolo, mawu awa ndi anu. Mukamva za mwana wanu, mtima umasweka ndipo manyazi amakugwirani, sitikupeputsa zimenezo. Koma musachite kanthu usiku womwewo. Wosakwana zaka 18 ndi mwana pa malamulo a dziko lino, ndipo udindo womusamala uli pa inu. Ngakhale wamkulu, mukamuponyera chikwama panja amakagona kudepoti kapena kwa aliyense amene angamupatse mphasa, pa mtengo umene simungafune kuumva. Sukulu imathera pomwepo. Ngati amamwa ma ARV, botolo ndi buku la kuchipatala zimatsala m'nyumba, amadumpha masiku, kachilombo kamachulukanso ndipo kamatha kusiya kumva mankhwala. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwana amene mwamuthamangitsa lero ndi yemweyo dzina lanu lili pa iye.

Musamukakamize kukwatira kuti anthu atseke pakamwa. Mukatero mwatenga mwana wamkazi wa eni, wosadziwa kanthu, n'kumuika m'banja lomangidwa pa bodza, ndipo pakapita zaka ankhoswe adzasowa choweruza pamene ana ali kale atatu. Musamupereke kwa mneneri womanga anthu zingwe, wowakwapula kapena wowatsekera kuphiri osadya osamwa. Masiku angapo opanda madzi amawononga impso, ndipo wa matenda a shuga amene ali pa mankhwala atha kukomoka osadzukanso. Kupemphera ndi munthu amene wafuna yekha ndi chinthu china. Kumuzunza ndi mlandu. Ndipo pali zonyansa zina zimene timazimva, zoti mtsikana wotere agonedwe ndi mwamuna mokakamiza kuti awongoke. Kumeneko ndi kugwirira, ndipo wochita ndi womutuma onse malo awo ndi kundende.

Yang'anirani zizindikiro izi mwa munthu amene nkhani yake yatuluka: kudzitsekera m'chipinda, kuleka kudya, kugawa zovala ndi foni, kutsanzika mwachilendo, kunena kuti bola kufa. Mukaona zimenezi musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, tameki ndi zingwe, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Kukhala chete ndiko kumamusiya nawo yekha.

Ena amati lamulo la dziko lili kumbali yawo. N'zoona kuti gawo 153 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, limapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kulichotsa mu Juni 2024. Ichi ndiye chifukwa chake uthenga wanu umodzi ndi woopsa chotere: utha kumangitsa munthu kapena kumuitanira gulu la miyala, ngakhale nkhaniyo ili yabodza. Koma lamulolo silinakupatseni inu chikwapu. Kumenya munthu ndi mlandu. Kumuopseza kuti akupatseni ndalama kuti musamuulule ndi mlandu, ndipo anyamata ena a m'makwaya mwathu ayamba kudyera pamenepa. Kuzunza munthu pa intaneti kuli ndi chilango pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo kuulula kuti wina ali ndi HIV popanda chilolezo chake kunaletsedwa ndi lamulo la 2018. Ngakhale mu 2010, anthu awiri amene anagamulidwa zaka 14 ku Blantyre pansi pa lamulo lomweli atachita chinkhoswe, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa, pamene iye mwini sankagwirizana ndi zimene anachita.

Pali amene mudzawayendera chaka chonse koma adzakuuzani maso ndi maso kuti sakuona tchimo pa moyo wawo, ndipo sasintha. Pamenepo mpingo uime pa chiphunzitso chake, bwalo lichite za m'malire ake, basi. Simungalapitse munthu ndi mantha. Woopa amangophunzira kubisa. Mayi ake akamwalira, mukakumbe manda ndi kuphika monga mwa nthawi zonse. Iye akagonekedwa m'chipatala, mukamuone ndi phala. Akabwera Lamulungu n'kukhala kumbuyo, musasunthe pa benchi.

Inu oyang'anira magulu a WhatsApp a mpingo, lembani lamulo lero lomwe: dzina kapena chithunzi cha munthu sichiikidwa pa gulu ndi mlandu uliwonse. Wina akaika, chifufuteni nthawi yomweyo, mumuimbire foni, mumufunse ngati anapita kukaonana ndi mwini wakeyo payekha. Akati sanapite, muuzeni ayambire pamenepo, ndipo mudziwitse abusa kuti pali munthu amene dzina lake layenda, kuti wina akamuone tsiku lomwelo.