Ukatchula munthu kuti padawan, wasenza udindo

Pali anthu amene amadandaula kuti Chingerezi chikuwonongeka chifukwa mawu a m'mafilimu akulowa m'madikishonale. Ine sindigwirizana nawo, makamaka pa mawu akuti padawan, otanthauza wophunzira amene akusulidwa ndi katswiri.

Mawuwa ndi a m'mafilimu a Star Wars a George Lucas. Filimu yoyamba inatuluka mu 1977, koma ambiri anawamva koyamba mu 1999, mu The Phantom Menace, momwe Obi-Wan Kenobi akadali mnyamata wosulidwa ndi Qui-Gon Jinn. Pofika 2019, dikishonale ya Oxford inali itawalandira limodzi ndi mawu akuti Jedi, dzina la ankhondo osungitsa mtendere a m'mafilimumo, omwe ophunzira awo ndiwo amatchedwa padawan. Lero katswiri wa zamakompyuta ku London akamanena za mnyamata amene akumuphunzitsa ntchito, amatha kungoti ndi padawan wake, anzake n'kumva.

Azungu sankasowa mawu. Anali kale ndi apprentice, trainee, intern. Koma awa amanunkha mapepala ndi makontirakiti. Padawan amakamba za anthu awiri odziwana nkhope. M'mafilimumo, Jedi amaloledwa kukhala ndi wophunzira mmodzi yekha pa nthawi imodzi. Qui-Gon atapempha kuti aphunzitsenso kamnyamata kotchedwa Anakin Skywalker, akuluakulu anamukumbutsa kuti ali naye kale wina. Wophunzirayo amapita kulikonse kumene mphunzitsi wake akupita, pabwino ndi poopsa pomwe. Amaluka kachingwe ka tsitsi kuseri kwa khutu lamanja, ndipo tsiku limene wakhwima amakadula. Kachingweka kamandikhudza mtima kwambiri, chifukwa kuyambira tsiku loyamba onse awiri amadziwa kuti kadzadulidwa.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Dzinali lafala, koma udindo wake ena ausiya m'mbuyo. Bwana amamwetulira n'kumatchula mwana wa eni kuti padawan, pamene ntchito yomwe akumupatsa ndi yofulula tiyi ndi kuchita fotokope. Mafunso ake amayankhidwa mothamanga pakhomo, kumisonkhano yofunika amasiyidwa panja, zaka n'kumapita osauzidwa kuti tsopano wakula, ayime payekha. Ena amabisa dala luso poopa kudzalandidwa mpando.

Amene mumakonda mawuwa, agwiritseni ntchito ndithu, ndi okoma. Koma mukhale naye pansi mnyamatayo kapena mtsikanayo, mumuonetse pamene walakwitsa ndi chifukwa chake, ndipo kasitomala wovuta akabwera, mulowe naye limodzi m'chipindamo.