Vanishi wa ku Chipata kapena mafuta akwathu kuno: chigumbu cha mpeni tichipake chiyani?

Ife a ku Mchinji ndi anzathu a ku Chipata timamvana chilankhulo, ndipo mtengo womwe timasema ndi umodzi: mlombwa wathuwu ndi womwe iwo amati mukwa. Koma zikafika pa zopaka chigumbu cha mpeni, timasiyana ndithu.

Mipeni yosula pamanja yomwe ndaiona kutsidya kwa malire a Mwami, ku Zambia, yambiri imakhala yopakidwa vanishi, timisomali take ta mkuwa wachikasu tili ngwee. Dziko la Zambia ndi kwawo kwa mkuwa, ndipo wachikasuyu ndi mkuwa womwewo wosakaniza ndi zinki. Ntchito yawo ndi yaudongo, ulemu wawo tiwapatse. Vuto langa lili pa vanishiyo. Vanishi salowa mu mtengo, amangokhala pamwamba ngati khungu. Mpeni wa kukhitchini umanyowa m'mawa n'kuuma masana, mtengo umafufuma n'kubwerera, ndiye vanishi amalephera kutsatira, amang'aluka. Yang'anitsitsani pomwe mtengo wakumana ndi mkuwa, mng'alu woyamba umakhala pamenepo. Madzi akalowa satulukanso. Mtengo umayamba kuda kunsi kwa vanishi, m'mbali mwa timisomali mumamera zobiriwira, ndipo kuti mukonze mpaka mupale chigumbu chonse. Funsaninso anyamata a pachiwaya: chigumbu chonyezimira chimaterera m'dzanja lomwe lagwira mafuta a nyama, ndipo mpeni woterera ndi ngozi.

Kwathu kuno, pamsika ngati wa Kamwendo, chigumbu nthawi zambiri chimagulitsidwa chosapaka kalikonse. Mwini wake ndiye amachipaka mafuta ophikira, ena oyilo wakuda wa galimoto, chikang'ambika n'kuchikulunga malegeni. Nzeru yake ndi yolondola, chifukwa mafuta amalowa m'kati mwa mtengo osati kungokuta. Cholakwika ndi mtundu wa mafutawo. Mafuta a mtedza, ngakhale tili nawo ochuluka m'boma muno, sauma. Amakhala onata, amakoka fumbi, pakapita miyezi amayamba fungo losasa. Oyilo wakuda ndiye ndimakaniratu: muli mwaye ndi tizitsulo ta mu injini. Asiyireni mizati ya khola, osati mpeni wodulira tomato wa ana anu.

A ku Mozambique osema phingo amatiphunzitsa china: mtengo ukakhala wolimba, wa mafuta akeake, umangofuna kusalaza ndi phula la njuchi pang'ono. Phingo ndi wolemera moti amamira m'madzi. Koma ndi wosowa, ndipo kuyambira 2017 malonda ake kunja kwa dziko ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha. Ife muwanga kapena mtima wa mlombwa utikwanira.

Chomwe ndimapaka ine ndi mafuta a linseed, aja olembedwa boiled, omwe amapezeka m'mashopu a zomangira. Awa amasiyana ndi a mtedza chifukwa akakumana ndi mpweya amauma n'kulimba m'kati mwa mtengo momwemo. Salazani ndi sandipepa wa nambala 220, kenako wa nambala 400 yemwe ndi wosalala kuposa woyambayo. Pakani pang'ono ndi kansanza, dikirani mphindi 20, pukutani onse otsala pamwamba mpaka chigumbu chioneke ngati simunapake. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amasiya mafuta ali tho poganiza kuti kuchuluka ndiko kulimba, mapeto ake chigumbu chimanata sabata yonse. Chisiyeni tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja masiku awiri, mubwereze katatu kapena kanayi. Kansanza kaja musakafwinye n'kukaponya pakona. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza younjika ikhoza kuyaka yokha. Kayanikeni panja kapena kavikeni m'madzi.

Pomaliza pake phula la njuchi. Pamenepa a ku Zambia ali patsogolo, makamaka chigawo cha North-Western, ku Mwinilunga ndi Kabompo, komwe ming'oma ya makungwa ndi ntchito ya makolo. Koma simufunika kuwoloka malire, alimi a njuchi a ku Kasungu alinso nalo, ndipo ena amangolitaya akafinya uchi, zomwe zimandiwawa. Kandulo wa mugolosale si phula limeneli. Tenthetsani chigumbu padzuwa, pakani, tikitani ndi nsalu youma. Chikayamba kutuwa pakatha miyezi, mumangobwereza, osapala chilichonse.

Mkuwa nawonso usiyeni wopanda vanishi. Phula lomwelo limachedwetsa kuda kwake. Ukada, ndimu ndi mchere pang'ono zimauyeretsa, bola mutsuke ndi kuumitsa msanga. Ngati mumakonda Brasso, mankhwala aja opukutira mkuwa, pukutirani mkuwawo musanapake mafuta, mutatchinga mtengo ndi tepi, chifukwa zakuda zomwe amachotsa zikalowa m'timabowo ta mlombwa zimavuta kutuluka. Ndipo kunyumba muwauze: mpeni wa chigumbu cha mtengo usagone m'beseni la mbale.