Chenjezo kwa inu ojambula maliro ndi mafoni

Ana anga a ku Angónia, a ku Tsangano, ndi inu muli kumigodi ya malasha ku Moatize, tcherani khutu. Mwezi wathawu ndaika mayi anga ondibala kwathu kufupi ndi Domue, ndipo zimene ndidaona zakana kukhala mumtima.

Mayi adatisiya m'bandakucha. Tisanawasambitse, tisanatume munthu kwa a nyakwawa kukanena zovuta, mnyamata wina wapafupi adalowa m'nyumba n'kuwajambula ali chigonere pamphasa, nsalu isanafundidwe kumaso. Pofika 7 koloko chithunzicho chinali pa WhatsApp. Mlongo wanga amagulitsa kachewere pamsika ku Moatize. Imfa ya mayi ake adaimva kwa mnzake woyandikana naye benchi, amene adamutambasulira foni n'kufunsa kuti, "Awa si amayi anu?" Adakomoka pomwepo, pakati pa matumba a mbatata.

Kodi mudaleredwa kuti? Uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Ayambe kumva ndi mwini mbumba, kenako amfumu, ndipo ndi iwo olola kuti anthu alire ndi kuti adzukulu akatenge makasu. Mwana amene ali kutali amamuimbira munthu wamkulu, namuuza kuti, "Matenda akula kuno, nyamukani." Wanzeru amadziwiratu tanthauzo lake, koma mtima umakonzeka pang'onopang'ono ali m'galimoto, ndipo akafika amagwera m'manja mwa abale ake. Foniyo sindikuida ayi. Ndi yomweyo tidalandirira chipepeso pa M-Pesa ndi e-Mola, mameticali amene adagula bokosi. Chimene ndikudzudzula ndi liwiro lofuna kukhala woyamba kulengeza, ngati kuti imfa ya mayi wa mnzako ndi chigoli cha mpira.

China chidandipweteka koposa. Usiku pasiwa, amayi a mpingo akuimba m'nyumba, ife amuna tili pamoto panja, bambo wina wonunkha kachasu adandigwira phewa nati, "Musalire kwambiri achimwene, agogowa adadya zawo." Adadya zawo ziti? Inu obadwa mtendere utabwera, funsani akuluakulu. Mu 1986 nkhondo itafika povuta, mayi ameneyu adayenda usiku wonse kulowera ku Dedza, mtolo wa ufa pamutu, mwana wanga woyamba ali kumbuyo kwawo chifukwa mkazi wanga anali wodwala. Tidakhala ku Malawi monga othawa nkhondo mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pobwerera tidapeza munda wasanduka thengo, nyumba yatsala chitsa chokha. Adaswa mphanje ndi khasu lawo, kuyambira pamenepo mpaka msana udapindika. Munthu wotere mukamuike m'mawu awiri, akuti adadya zawo?

Ine imvi zili mbuu, ndili ndi zidzukulu, koma ndine mwana wamasiye. M'mawa uliwonse ndimapezeka ndaima pakhomo pawo kufuna kufunsa kuti mwadzuka bwanji amayi, n'kuona ndodo yawo yatsamira khoma pomwe adaisiya. Mlekeni munthu alire kholo lake, kaya lamwalira ndi zaka 90. Ngati mulibe mawu, khalani pansi, nenani kuti pepani, basi. Mungathenso kukatunga madzi kapena kuwaza nkhuni.

Nanunso a njinga zamoto, masamba tikaika pamsewu si zokongoletsa. Chepetsani liwiro, zimitsani nyimbo, vulani chipewa. Tsiku loika mayi fumbi lanu lidagwera m'nsima ya anthu odzakhuza maliro.

Tsono dziwani kuti m'mudzi mwathu takhala pansi ndi a nyakwawa ndipo tagwirizana. Wopezeka akujambula mtembo kapena kumanda popanda chilolezo cha eni maliro, adzukulu adzamulanda foni, ndipo adzakaiombola pabwalo la amfumu ali ndi amalume ake. Midzi ina ichitenso chimodzimodzi.

Mnyamata uja adabwera kudzapepesa tsiku la mmeto, misozi ili m'maso, ndipo tidamukhululukira. Chithunzi adachifufuta ife tikuona. Koma chinali chitafika kale ku Ulongwe, ku Tete, mpaka kwa abale ali ku Johannesburg. Mlongo wanga adabwerera ku Moatize, ndipo mpaka lero foni yake akusungira mwana wake, iye akukana kuigwira.