Muike mlonda pakamwa pathu, Yehova

Atate wathu wa Kumwamba, ife ana anu a kuno ku Harare, a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Epworth, tagwada pamaso panu. Munasunga makolo athu m'migodi ndi m'mapulazi a dziko lino, mukutisunganso ife. Zikomo.

Usiku uno tabwera ndi lilime lathu, Ambuye. Pa Yakobo 1:26 mwatiuza kuti wodziyesa wopembedza koma osamanga lilime lake akudzinamiza, kupembedza kwake n'kopanda pake. Kopanda pake, Atate! Duku loyera lija, chakhumi chija, nyimbo za Lachinayi ku chigwirizano zija, zonse kupita padera chifukwa cha kachiwalo kakang'ono aka. Tichitireni chifundo. Tikhululukireni. Musatitaye.

Ine ndiyambe ndine. Lolemba pa mjigo, mpopi utauma, zigubu zili ndandanda, ndinajeda mlongo wanga wa mu mpingo. Amuna ake anapita ku Joni ndipo sakutumiza kanthu. Anandiuza misozi ili m'maso kuti ndimupempherere, ine n'kukaigulitsa nkhaniyo pa mzere wa madzi, ati "tizimukumbukira m'mapemphero". Bodza, Ambuye, inali miseche. Basi yodzera pa Nyamapanda ndi ku Tete imatha maola ambiri isanafike ku Blantyre, koma mawu angawo anafika kwa apongozi ake pa WhatsApp ndisanatule chigubu pamutu. Ndachimwa. Khala lamoto lija mserafi wanu anakhudza nalo milomo ya Yesaya, khudzani nalonso yanga.

Ndipo inu owerenga amene mukuthamangira kulemba Amen, musafunse kuti mayiyo ndani. Kufunsako ndi tchimo lomwelo.

Kasupe mmodzi sangatulutse madzi okoma ndi owawa. Nanga bwanji ife, Lamulungu aleluya, Lolemba kulalatira kondakitala m'kombi chifukwa cha chenji? Ana athu timawatchula zitsiru, kenaka n'kumadabwa akasiya kutiuza zakukhosi.

Muike mlonda pakamwa pathu, Yehova, sungani pakhomo pa milomo yathu, monga Davide anapemphera pa Masalimo 141:3. Gwirani chala chathu chisanatumize uthenga. Wina akatinyoza kuti ndife obwera, tipatseni mayankhidwe ofatsa aja obweza mkwiyo. Inu munanyozedwa koma simunabwezere. Petro anakukanani katatu ndi pakamwa pake, munamudzutsa. Nafenso mutidzutsa, tikudziwa, simutopa nafe.

Mawa m'mamawa ndikukagogoda pakhomo pa mlongo wanga uja. Miyendo ikulemera, Atate. Nditsogolereni, ndipo ndikakafika ndisakadzikometsere.

M'dzina la Yesu Khristu, Amen.