Funso la mayi aja linafera m'holo

Ndakhala ndikuzibweza mumtima kwa masiku anayi tsopano koma zakana kutsika, ndiye mundikhululukire, lero ndilemba.

Sabata yatha ndinali pa msonkhano wa akatswiri a ziyankhulo. Amene anakonza sindiwatchula, chifukwa akanakhala ena akanachitanso zomwezo. Masiku atatu m'holo ya hotelo, aliyense baji ili lende pachifuwa. Mutu wa msonkhano unali wokoma zedi: kuphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira m'chiyankhulo chimene amayankhula kunyumba. Tsiku loyamba anatiuza kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo chake. Anatiuza m'Chingerezi. Tsiku lachiwiri anationetsa magirafu otsimikiza kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo chake. Magirafuwo anali a Chingerezi. Ine phee, ndikuti mwina ndi mmene zimakhalira.

Tsiku lachitatu masana pulofesa wina atamaliza kuwerenga pepala lake, wapampando anati kwatsala mphindi zisanu za mafunso. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunakwera dzanja. Mayi achikulire, imvi zili mbuu, mphunzitsi wa sitandade 1. Pa anthu onse tinadzaza muholomo, aphunzitsi a ku pulaimale ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Anawapatsa maikolofoni. Anapereka ulemu, n'kuyamba funso lawo m'Chichewa. Asanafike n'komwe pakati, wapampando anawadula. Akuti pepani mayi, tiyeni tigwiritse ntchito Chingerezi kuti alendo athu amve, komanso nthawi yatithera. Mayi aja anaima kaye. Anayesa. Chingerezi amachidziwa, musaganize kuti sachidziwa, koma funso analisunga mumtima masiku atatu aja linali loumbidwa m'Chichewa, ndipo polisamutsa mwadzidzidzi maso onse ali pa iwo, linatsala khungwa lokhalokha. Anathokoza pulofesa chifukwa cha pepala labwino, n'kukhala pansi. Anthu m'manja phwa phwa phwa.

Ine kukamwa yasa. Ndipo ndisaname, sindinatsegule pakamwa kuwateteza. Ndinakhala du ngati ena onse, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri mpaka pano.

Tandiuzani abale, umenewu ndi msonkhano wa chiyani? Mwaitana anthu kudzakambirana za chiyankhulo cha makolo, ndiye chiyankhulocho chikangotulutsa mutu inu mukuchibweza? Mwaitanira anthu ku gule n'kuletsa ng'oma! Masiku atatu athunthu kutamanda chinthu chimene simungachilole kulankhula kwa mphindi ziwiri. Chichewa chinali pa chinsalu, inde, ngati zitsanzo, timawu tiwiri titatu todulidwadulidwa ndi timizere, pansi pake tanthauzo la m'Chingerezi. Chili pa chinsalu ngati chidole chinali cholandiridwa. Chitatuluka m'kamwa mwa munthu wamoyo, chinasanduka chosokoneza pulogalamu.

Titatuluka ndinawalondola mayi aja pakhonde, ndinati mayi, funso lanu lija linali lotani? Anaseka pang'ono, n'kundiuza. Anati ana awo akaphunzira malembo a liwu asanu aja, a e i o u, n'kugwira maphatikizo, amawerenga mawu alionse a Chichewa ngakhale amene sanawaonepo, chifukwa lembo lililonse lili ndi liwu lake limodzi ndipo silisintha. Mwana amazolowera kukhulupirira lembo. Ndiye akafika pa Chingerezi, lembo lomwe lija la a limamveka mwina mu cat, mwina mu cake, mwinanso mu call, ndipo mwana amene dzulo amawerenga monyadira amayamba kuona ngati malembo amunamiza. Ena amangoti zii osafunanso kuyesa. Funso lawo linali lakuti: kodi inu ofufuza mwapeza njira yanji yowolotsera mwana pamenepa osamuthyola mtima, ndipo muyambe liti, mwana atafika pati pa kuwerenga chiyankhulo chake?

Ndikulumbira, pa mapepala onse anawerengedwa masiku atatu aja, palibe limene linafika pa mtima wa nkhani ngati funso limeneli. Limenelo ndilo funso! Ndi pamene ntchito yonse imagona. M'holomo munali anthu amene akanayankha, munali madokotala a za kawerengedwe amene alemba za zomwezi. Sanalimve. Linafera m'kamwa chifukwa linabwera litavala chiyankhulo chimene msonkhano wonse unkati ukuchimenyera nkhondo.

Alendo athu amve, akutero. Alendowo analipo angati? Ndipo anabwera kudzatani ngati sikudzamva ziyankhulo zimenezi? Munthu wakwera ndege usiku wonse chifukwa amafufuza za ziyankhulo za mu Africa, ndiye inu mukumutchinjiriza kuti asamve chimodzi mwa izo? Ndikhulupirira kuti enawo akanakondwa. Ndipo m'holo yodzaza ndi akatswiri a ziyankhulo, akatswiri a ZIYANKHULO ndikutero, panasowa munthu mmodzi woti aimirire n'kumasulira ziganizo zinayi? Aliyense wa ife akanatha. Wapampando yemweyo akanatha. Zikanatenga nthawi yochepa kuposa imene tinataya pamene projekita inakana kuyaka m'mawa mwake.

Ena andiuza kuti ndalama za womasulira panalibe, ena akuti opereka thandizo ndiwo amalamula, ena akuti pepala la m'Chingerezi ndi limene limakweza munthu pa ntchito ku yunivesite. Zawo zimenezo.

Ku nyumba ya malamulo ya European Union kuli ziyankhulo 24 zovomerezeka. Phungu wochokera ku Malta akaimirira amayankhula Chimalta, chiyankhulo cha anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo omasulira ali m'tizipinda tawo kumbuyo amachipititsa m'makutu mwa anzake onse. Palibe amene amamuuza kuti pepani bambo, alendo athu amve. Chichewa chili ndi eni ake oposa 10 miliyoni, koma pa msonkhano wonena za icho chomwe chinapatsidwa theka la chiganizo.

Ndipo musandiuze kuti nkhaniyi ndi yatsopano, tikuphunzira kumene. Bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti lake mu 1953 lonena poyera kuti njira yabwino yophunzitsira mwana ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho. 1953! Ambiri mwa amene tinali m'holomo tinali tisanabadwe. Ku Nigeria, pa yunivesite ya Ife, Pulofesa Babatunde Fafunwa ndi anzake anayamba kafukufuku mu 1970, kuphunzitsa ana m'Chiyoruba zaka zisanu ndi chimodzi zonse za ku pulaimale, Chingerezi chili phunziro chabe, ndipo anawo sanatsalire, ngakhale pa Chingerezi chomwecho. Mu 1997 nthumwi za maboma zinakumana ku Harare kukambirana ndondomeko za ziyankhulo mu Africa. Mu Januwale 2000 ku Asmara, olemba ndi akatswiri anagwirizana kuti ziyankhulo za mu Africa ndizo ziyenera kuyankhulira Africa, ndiponso kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira m'chiyankhulo chake. Mu 2016 UNESCO yomweyo inati anthu 40 pa 100 alionse padziko lapansi sapeza maphunziro m'chiyankhulo chimene amayankhula kapena kumva. Pano tili mkati mwa zaka khumi, 2022 mpaka 2032, zimene United Nations inapatula kuti zikhale za ziyankhulo za eni nthaka. Zonsezi anazitchula pa msonkhano uja, chaka ndi chaka, mwadongosolo, pa PowerPoint. Kenako n'kukhazika pansi mphunzitsi wa sitandade 1.

Mwina magazi ake ndi akale. Mu 1962 ku Makerere, mumzinda wa Kampala, kunachitika msonkhano wotchuka wa olemba a mu Africa, kunali a Chinua Achebe, a Wole Soyinka ndi ena otero. Dzina la msonkhanowo linanena mosabisa kuti ndi wa olemba m'Chingerezi, kutanthauza kuti alembi akuluakulu ngati Shaaban Robert wa Chiswahili ndi D.O. Fagunwa wa Chiyoruba analibe mpando. Koma aja ndiwayamikireko, analemba pakhomo kuti kuno n'kwa Chingerezi, wolowa ankadziwa. Athuwa amalemba pakhomo kuti kuno n'kwa chiyankhulo cha makolo, iwe n'kulowa ndi mtima wonse, n'kukagwa nayo mkati.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amamva kupota kwa nkhani imeneyi tsiku ndi tsiku si ife ovala mabaji. Ndi mayi aja, amene Lolemba m'mawa amaima kutsogolo kwa kalasi yodzaza thothotho, choko m'manja, ana ena akulira, ena sanagwirepo pensulo chibadwire. Iwo ndi amene amadziwa kuti ndi lembo liti limene ana amalitembenuza, ndi phatikizo liti limene limawapunthwitsa, ndi nyimbo iti imene imalowetsa zinthu m'mutu. Chidziwitso chonsecho chili m'chiyankhulo chimene amagwirira ntchito. Mukawatseka chiyankhulocho mwatseka nkhokwe yonse. Ndiye mwaitana wodwala kuti adzaonerere madokotala akukambirana za matenda ake, iye osaloledwa kunena pamene pakupweteka?

Ndikudziwa kuti wina alemba pansipa kuti koma Chingerezi ndi chofunika, ndi chiyankhulo cha sayansi, dziko lonse limakumana pamenepo. Ndani wakana? Ine ndakana? Pali misonkhano ya aphunzitsi a Chingerezi, ya TESOL ku America, ya IATEFL ku Britain, imachitika chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1960, ndipo kumeneko akayankhula Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo palibe angadabwe, ndi ntchito yawo. Mayi ajanso funso lawo linali lofuna kuti ana awo adziwe Chingerezi bwino. Nkhani yanga ndi imodzi basi: msonkhano wa chiyankhulo cha makolo umene sulola chiyankhulo cha makolo ndi sewero. Ndi sewero lodula, lokhala ndi mabaji ndi masatifiketi, koma sewero ndithu. Ngati inu eni ake, amene mwathera moyo wanu wonse mukufufuza chiyankhulo, simukhulupirira kuti chingathe kunyamula funso limodzi la maphunziro pamaso pa anzanu, kholo lija mulikopa bwanji kuti lilole mwana wake aphunzire masamu m'chiyankhulo chomwecho? Makolo si ogona. Amaona zimene timachita. Amaona kuti pa zinthu zolemekezeka timavala Chingerezi, chathuchi timachisungira pakhonde ndi pa nthabwala.

Ndipo pakhonde pomwepo ndi pamene zinandiseketsa mowawa. Anthu omwe aja ankavutika kupinda lilime mkati muja, atangotuluka, Chichewa chili wawawa, kuseka mpaka misozi, kukambirana mfundo zomwezo momasuka ndi mwanzeru kuposa mmene anachitira pa maikolofoni. Wapampando yemwe ndinamumva ndi makutu angawa akufotokozera mnzake vuto la kafukufuku wake m'Chichewa chosalala bwino. Belu litalira, onse anachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Pamapeto panawerengedwa mfundo zomwe msonkhano wagwirizana. Imodzi inati aphunzitsi a m'makalasi oyambirira azipatsidwa mpata womveka mawu awo. Ndinayang'ana kumbuyo kuja. Mpando wa mayi aja unali wopanda munthu.

Poti ndayamba kale, ndinene ndi iyi. Misonkhano ikuluikulu ya ziyankhulo za mu Africa mumadziwa kumene imachitikira? Wa pachaka wotchedwa ACAL nthawi zambiri umakhalira ku America. Wa dziko lonse, WOCAL, unayambira ku Swaziland mu 1994, ndipo pozungulira pake wafikako ku Lomé ndi ku Addis Ababa, komanso ku Leipzig, ku Cologne mpaka ku Kyoto. Zabwino, chiyankhulo chiyende. Koma amapitako ndani? Mwini chiyankhulo ayambe wapeza ndalama zolembetsera, tikiti ya ndege, malo ogona, kenako akaime pamzere wa viza kukatsimikizira munthu wa pawindo kuti sathawirako. Mawu ake amawoloka nyanja mosavuta ali m'kompyuta ya wofufuza, iye mwini amatsala. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Zotsatira zake zimakalowa m'magazini a akatswiri amene kuti uwerenge pepala limodzi pa intaneti uyambe walipira, ndipo ukalipira upeza Chingerezi chimene ngakhale Mngerezi ayenera kuchiwerenga kawiri.

Mayi aja anandiuza kuti ofufuza anabwerapo katatu m'kalasi mwawo, ndi makina ojambulira mawu ndi mafomu. Anayesa ana mmodzimmodzi, wotchi ili m'manja, kuwerenga kuti mwana watchula mawu angati pa mphindi. Anathokoza, anajambulitsa, anakwera galimoto. Chimene anapeza, mayiwo sanauzidwepo mpaka lero, ngakhale kapepala kamodzi. Mwina ana awo anali ena mwa timadontho tija tinkaonerera pa girafu tsiku lachiwiri. Ndipo ulendo wachinayi akuti abwera temu ya mawa.