Ku Basel akusambira pakati pa tauni, ife ku Berlin madzi timangowaonera pa mlatho

Abale inu, sabata yatha ndinali ku Basel, ku Switzerland, ndipo mpaka pano zikundiwawabe. Cha m'ma 5 madzulo, dzuwa likuswa mtengo, ndinangoona anthu oweruka ku ntchito akuvula m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, zovala, nsapato ndi foni kuponya mu kachikwama kooneka ngati nsomba kaja amati Wickelfisch, kukapinda kukamwa, kenako khuvuu m'madzi. Pakati pa tauni penipeni! Amalowera cha ku Museum Tinguely, madzi nkumawatenga okha kudutsa pansi pa milatho, agogo ena awiri atatsamira tizikwama tawo ngati mapilo, macheza ali mkati ngati akhala pakhonde. Palibe geti, palibe tikiti.

Ndiye bwerani kuno ku Germany. Spree, mtsinje wodutsa mu Berlin, ili pomwepa koma kusambiramo pakati pa Berlin nkoletsedwa kuyambira 1925, zaka zoposa 100 tikungoiyang'ana. Nkhani yake ndi mapaipi akale aja, madzi a mvula ndi a kuchimbudzi amayenda njira imodzi ndiye kukagwa chimvula zonse zimasefukira mu mtsinje. A bungwe la Flussbad Berlin akhala akukuwa kuti ngalande ya pa Museum Island itsegulidwe kuti anthu azisambiramo, mu 2025 anthu mpaka analumphiramo pochita zionetsero, koma aaa, misonkhano yokhayokha.

Ndipo musati a Swiss anangotola madzi oyera. Mu 1986 nyumba yosungiramo mankhwala inapsa ku Schweizerhalle, pafupi ndi Basel, Rhine inachita kufiira, nsomba kufa mbwee. Anthu anakonza basi.

Chabwino, pena ndivomere, Rhine imathamanga pomwe Spree imayenda ngati yadwala, nyansi sizichoka msanga. Komanso ku Basel kuja ngati kusambira sumatha usayerekeze, madzi ndi amphamvu ndipo zombo zakatundu zimadutsa momwemo. Nyanja ngati Wannsee tili nazo, eya, koma mpaka ndikwere sitima pomwe mtsinje ndikuuona pa windo?

Ngakhale a France atipitirira. Seine, mtsinje wa ku Paris, inali yoletsedwa kusambiramo kuyambira 1923, anathirapo ma euro pafupifupi 1.4 biliyoni poiyeretsa, meya Anne Hidalgo nkusambiramo mu 2024, mu Julayi 2025 malo atatu osambirapo anatsegulidwa. Kukagwa mvula amatseka, koma bola iwo.

Wickelfisch ndinagula ine, yabuluu. Ili pa msomali kuseri kwa chitseko, sinalaweko madzi a ku Berlin.